Chifukwa chomwe Alton Towers ndi Thorpe Park amatsekera m'nyengo yachisanu

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani Alton Towers ndi Thorpe Park, mapaki a masewera a ku UK, amatseka November akangolowa mpaka mu March, pomwe ana amakhala pa tchuthi cha Khirisimasi alibe kopita, komanso ngati sizingatheke kuti azitsegula chaka chonse. Ena ayankha kale kuti n'kuzizira basi. Kuzizirako kulipodi, koma ine ndikuona kuti si chifukwa chachikulu. Kutsegula n'kotheka ndithu. Chovuta ndi mmene mapaki a kuno ku UK anamangidwira ndi mmene amapezera ndalama.

Sitima za roller coaster, zija zothamanga pa njanji yokwera ndi kutsika, zambiri zilibe injini. Tcheni amazikokera pamwamba, kapena makina amaziponya poyambira, kenako ulendo wonse zimayendera liwiro lomwe zapeza potsetsereka. Kukazizira kwambiri girisi wa m'mawilo amalimba ngati mafuta ophikira m'mawa wa mu June ku Dedza, ndipo sitima imayenda mwaulesi. Ikakumananso ndi mphepo yowomba chakutsogolo, itha kulephera kukwera chitunda chotsatira, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuima pakati pa njanji. Ndiye pali malire a kuzizira ndi a mphepo omwe akapitirira, makina sayendetsedwa. The Big One ya ku Blackpool, yotalika mamita 65, imaimitsidwa kukachita mphepo ngakhale m'nyengo yotentha. Nanga Hyperia ya ku Thorpe Park, yomwe inatsegulidwa mu 2024 ndipo imafika mamita 72, ingamayende masiku angati mu January? Za mabwato onyowetsa anthu zija sitinganene n'komwe.

Kuima kwa sitima pakati pa njanji musakuone kuchepa. Pa 2 June 2015, sitima yopanda anthu inaima panjira pa The Smiler ku Alton Towers, tsiku lomwe kunali mphepo yamphamvu. Kompyuta inaimitsa makina onse monga iyenera kuchitira, koma ogwira ntchito anaganiza kuti yalakwitsa, n'kulola kuti sitima ya anthu 16 inyamuke. Inakawomba yoima ija, ndipo atsikana awiri anadulidwa mwendo. Mu 2016 khoti linalipiritsa Merlin Entertainments, eni ake a pakiyo, mapaundi 5 miliyoni. Ngoziyo inachitika mu June, nyengo yotentha kuno. Ndikamva paki ikunena kuti lero sitiyendetsa chifukwa cha nyengo, ine sindidandaula.

Chinanso, miyezi imene geti lili lotseka ija m'katimo anthu amakhala ali kalikiliki. Sitima amazichotsa pa njanji, n'kuzimasula chidutswachidutswa. Mawilo, mabawuti, mabuleki ndi zitsulo zomangira anthu pampando amaziyeza ndi zipangizo zoona ming'alu yosaoneka ndi maso, zotha n'kusintha, kenako n'kumanganso. Chaka chilichonse makinawo amayenera kuyenderedwa ndi woyendera wodziimira payekha asanaloledwe kunyamula anthu. Paki yotsegula chaka chonse imachitanso zonsezi, koma mosinthanasinthana: mwezi uno atseka ichi, mwezi wamawa icho. Kuti zimenezi ziyende pamafunika sitima zapadera zosungira, amakaniko ochuluka, ndi makina ambiri moti mmodzi akatsekedwa alendo asaone ngati aberedwa. Mapaki a kuno anasankha njira yotchipa, yotseka zonse n'kukonza pakamodzi. Ntchito zina zimaposanso nyengo imodzi yachisanu: Nemesis, roller coaster ya ku Alton Towers yomwe inayamba kuyenda mu 1994, anaitseka mu November 2022 kuti asinthe njanji, ndipo inabweranso mu March 2024.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa ndalama. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ana amakhala kusukulu kupatula masabata awiri a Khirisimasi. Alton Towers ili kumudzi ku Staffordshire, kopanda siteshoni ya sitima pafupi, misewu yake ing'onoing'ono yokhotakhota. Lachiwiri la mu January kukuvumba mvula, ndani angayende ulendo umenewo kukaima pamzere panja? Pomwe paki ikangotsegula geti, kaya mwalowa anthu 500 kaya 20,000, oyendetsa makina, achitetezo, achipatala, ophika ndi osesa onse ayenera kukhalapo, magetsi nawo akuyaka. Ambiri mwa antchitowa amalembedwa ntchito ya nyengo imodzi, ophunzira ndi achinyamata, ndipo November akafika kontirakiti yatha. Mbali imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa aliyense amene anagwirapo ntchito zotere kuno akudziwa kuwawa kofika nyengo yolipira gasi wambiri ulibe mashifiti. Paki ikatseka kampani imapulumutsa ndalama, koma wantchito amayamba kusakasaka kwina.

Umboni woti n'zotheka uli kutsidya kwa nyanja konkuno. Efteling ya ku Netherlands inayamba kutsegula m'nyengo yachisanu mu 1999, ndipo kuyambira 2010 imatsegula chaka chonse. Disneyland Paris yakhala ikutsegula chaka chonse chiyambire 1992. Europa-Park ndi Phantasialand ku Germany, Tivoli ku Copenhagen ndi Liseberg ku Gothenburg onse ali ndi nyengo ya Khirisimasi, ndipo ena mwa malo amenewa amazizira kuposa ku Surrey, komwe kuli Thorpe Park. Kusiyana kwake n'koti Efteling ndi Disneyland Paris anamanga zinthu zambiri m'kati mwa nyumba: timabwato ndi tingolo todutsa m'nthano, zisudzo, malo odyera ofunda. Ku Efteling amasonkha moto panja kuti anthu aziwotha, n'kuyatsa nyali m'mitengo, moti mdima womwewo umasanduka chokopa anthu. Roller coaster ikaima chifukwa cha chisanu, banja limakhalabe ndi zochita tsiku lonse. Thorpe Park mukaichotsera makina ake akuluakulu apanja, chotsala n'chochepa kwambiri. Anaimanga kuti ikope achinyamata ofuna kukuwa m'malere, ndipo malonda amenewo amayenda dzuwa likamawala.

Wina watchula kuti Gold Reef City ya ku Johannesburg siitseka mu June ndi July. N'zoona, koma chisanu cha ku Joni n'chouma, m'mawa kumazizira koma masana dzuwa limawala bwinobwino. Sitingafanizire ndi mvula, mphepo ndi mdima wa kuno.

Tsono kwa anawo, zochita zilipo, kungoti si paki yonse. Legoland Windsor, Chessington, Drayton Manor ndi Paultons Park, komwe kuli Peppa Pig World, amatsegula masiku osankhidwa mu December, makamaka zinthu za ana ang'onoang'ono. Alton Towers ili ndi dziwe losambiramo la m'kati mwa nyumba, la madzi ofunda, lomwe limatsegulidwa masiku ena ngakhale pakiyo itatseka. Ku London kuli Winter Wonderland ku Hyde Park kuyambira mu November mpaka kumayambiriro kwa January, ndipo kumeneko roller coaster zimayenda mu December momwemo, chifukwa anthu ndi ochuluka zedi ndipo amalipira pa makina alionse payekhapayekha. Pitani mutakonzeka m'thumba, ndalama imatha msanga kumeneko. Musanagule matikiti kulikonse, onani pa webusaiti yawo mndandanda wa makina omwe akuyenda tsikulo, chifukwa mwana amene wakhala akulota za roller coaster inayake sangamvetse akaipeza ili yomasula.

Ine ndingakonde kuti Merlin amange zinthu zambiri za m'kati mwa nyumba ku Alton Towers ndi ku Chessington, n'kumatsegula Loweruka ndi Lamlungu komanso tchuthi chonse cha Khirisimasi ndi cha February pamtengo wotsikirapo. Zikanathandiza mabanja ndiponso antchito omwe amangokhala miyezi inayi. Koma zoti atsegule Thorpe Park mmene ililimu mu January, n'kumatilipiritsa tikiti yonse pomwe makina akuluakulu ataima, ndikukana. Ngati ana anu ndi okulirapo ndipo akufuna Nemesis kapena Hyperia, dikirani kumapeto kwa March.