Achemwali, foni siona madzi amene ali kutsogolo kwanu

Achemwali, mu uthenga wanu mwati mukufuna kunyamuka madzulo ndi ana, njira simukuidziwa, ndipo bambo a kunyumba akuti mungotsatira mapu a pa foni basi. Ndangowerenga thupi lonse lachita tsemwe. Inu ena amene mwawayankha achemwaliwa kuti foni silakwitsa, chonde musamalankhule zinthu zimene simunakumane nazo. Mawu omwewo anatsala pang'ono kundiphera mwana.

Inali nthawi ya mvula. Galimoto inali yanga, koma mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, anaumirira kuti ayendetse iyeyo, ati ine ndatopa. Katundu analongedza yekha ku buti, mpaka chikwama changa chimene munali kampope ka mwana, poti mwana wangayo amadwala mphumu. Ine ndi mwana tinakhala kumbuyo. Foni yake anaiika pa dashibodi, mapu akuwala, mayi wa m'foni uja akulankhula. Tili pa tala bwinobwino, kunja kukuyamba kuchita chisisira, foni inanena kuti yapeza njira yachidule. Mlamu sanafunse munthu. Anangokhota, tala n'kuthera pomwepo.

Titayenda ndithu m'matope tinakumana ndi bambo ena achikulire akukankha njinga, atafunda pepala la pulasitiki kumutu. Anatiimitsa ndi dzanja. Anati, "Bwana, kutsogoloku simuoloka. Mtsinje wadzaza kuyambira masana, kamlatho kake ndi kam'munsi, madzi akudutsa pamwamba. Bwererani ku tala." Mlamu anaseka n'kuloza foni. "Madala, ichi chimaona kuchokera kumwamba." Anakweza galasi bambo aja akulankhulabe. Ine ndinati, "Alamu, tibwerere, tili ndi mwana." Anandiyankha kuti, "Alamu, inu khalani phee, mzerewu ndi wabuluu mpaka kutsidya."

Tinafika pamtsinjepo kutada bii. Nyali za galimoto zinangoonetsa madzi ofiira akuthamanga kuchoka kumanja kupita kumanzere, nthambi ndi zinyalala zikuyandama. Msewu sunkaoneka kuti walowera pati. Ndinakuwa, ndinamugwira paphewa. Iye anaponda moto. Madzi anamenya kutsogolo n'kukwera pa boneti, nyali zinamira kuwala kwake n'kusanduka kwachikasu, injini inatsokomola n'kuzima. Kenako ndinamva kuzizira m'mapazi. Madzi ankalowera kunsi kwa zitseko, makapeti akudzuka, nsapato ya mwana ikuzungulira pakati pa miyendo yanga. Kumbuyo kwa galimoto kunayamba kusuntha pang'onopang'ono, ndinkamva matayala akukhula pa simenti ya kamlatho kaja. Ndipo mu mdima umenewo mayi wa m'foni ankangolankhulabe mofatsa kuti tipitirire kutsogolo.

Mwana anayamba kubanika. Amene muli ndi ana a mphumu mukukadziwa kamluzu kaja kamene kamalira pachifuwa, komanso mmene khungu limalowera pakati pa nthiti mwana akamalimbana ndi mpweya. Kampope kali ku buti, buti ili m'madzi. Mlamu m'malo motithandiza anali kalikiliki kupotokola kiyi, kuliza injini mobwerezabwereza. Ndinagwetsa mpando wakumbuyo ndi dzanja limodzi, linalo nditakumbatira mwana, ndinapisa mkono mu mdima mpaka ndinakhudza lamba wa chikwama. Chinali chitanyoweratu, koma kampope kanali m'kathumba ka zipi. Ndinamupopera manja akunjenjemera, ndikumuwerengera kupuma ndi mawu amene sankatuluka bwino. Kenako ndinamumanga kumsana ndi juzi yanga, foni yanga ndinailuma kukamwa, n'kutulukira pawindo. Madzi ankafika m'ntchafu ndipo ankandikankha miyendo moti phazi ndikalikweza silinkabwerera pamene ndalichotsa. Amene anandigwira mkono kundikokera kumtunda si mlamu ayi. Ndi bambo a njinga aja. Anatitsatira m'mbuyo chifukwa ankadziwa chimene chichitike.

Mpaka lero zoti chimaona kuchokera kumwamba zimandipsetsa mtima, chifukwa ndi bodza limene anthu ambiri amalikhulupirira. Masetilaiti a GPS ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera padziko, ndipo ntchito yawo ndi kungotumiza nthawi ndi malo amene iwowo ali. Foni imamvetsera masetilaiti osachepera 4 n'kuwerengetsa pamene mwaima. Basi. Palibe diso limene likuyang'ana mtsinje umene uli patsogolo panu usiku umenewo. Mapu ndi chinthu china, ojambulidwa kale ndi anthu ndi makina, nthawi zina pogwiritsa ntchito zithunzi za zaka zapitazo. Ngakhale mitundu ija yofiira ndi yobiriwira yosonyeza kuchuluka kwa magalimoto imachokera ku mafoni a anthu ena amene akuyenda mumsewu womwewo. Ndiye msewu umene anthu onse aupewa chifukwa wadzaza madzi, mulibe mafoni, mulibe wodandaula, pulogalamu imangouona ngati msewu wopanda vuto. Kuli zii chifukwa kulibe wodutsa, iyo imati kuli bwino.

Ndipo si ife tokha. Mu Novembala 2024 amuna atatu anafa ku Uttar Pradesh m'dziko la India, galimoto yawo itagwa pa mlatho woduka wa pamtsinje wa Ramganga akutsatira mapu a pa foni. Ku North Carolina m'dziko la America, mu 2022, bambo wina anafa usiku atagwera pa mlatho umene unagumuka kalekale mu 2013 osakonzedwa. Ku America ndi kumene GPS inachokera, koma mlatho unakhala choncho zaka zonsezo anthu akulozeredwabe komweko. Akatswiri a zanyengo a ku America amachenjeza kuti madzi othamanga okuya masentimita 15 okha atha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo masentimita 30 atha kukokolola galimoto yaing'ono. Ife tinalowa m'madzi oposa pamenepo.

Za mlamu ndisanene zambiri poti ndi m'bale, komabe ndinena. Injini inafa, ndipo makaniko anandiuza mosabisa kuti chimene chinaimaliza ndi kupotokola kiyi kuja madzi atalowa kale mkati. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye zitsulo zam'kati zinapindika. Mlamu sanaperekeko kalikonse. Mwana anagonekedwa m'chipatala, iye sanabwere n'komwe kudzamuona. Kwa abale anakafotokoza kuti yalakwa ndi foni, komanso ati ine ndinkakuwa kwambiri ndiye ndinamusokoneza. Ine? Amene ndinamupempha kuti tibwerere tisanafike n'komwe pamadzi? Apongozi anangoti zinachitika zinachitika, tithokoze kuti tili moyo. Ndimathokoza ndithu, koma munthu amene anakwezera galasi bambo wachikulire akumuchenjeza, n'kudzapulumutsidwa ndi bambo yemweyo, sanapepese kwa aliyense mpaka pano. Ngakhale kuwathokoza bambo aja sanawathokoze, anali pambali kupukuta foni yake ndi malaya.

Tsopano mumve izi, chifukwa sindikuti mutaye foni. Usiku umenewo foni ndi imenenso inatipezetsa thandizo. Ya mlamu inathima, batire inatha poti sikirini inakhala ikuyaka ulendo wonse osailumikiza ku chaja. Yanga inali ndi moto pang'ono, koma netiweki kunalibe. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti GPS sifuna bandulo kapena netiweki, foni imangomvetsera kumwamba. Chimene chimafuna intaneti ndi chithunzi cha mapu ndi kufufuza njira yatsopano. Kadontho kabuluu kosonyeza pamene ndili kankaonekabe pa sikirini yopanda misewu. Ndinadina pamalopo kwa kanthawi, manambala awiri ataliatali aja a malo anatuluka, ndinawakopera mu meseji wamba. Ndinakwera chitunda mwana ali kumsana mpaka kamzere kamodzi ka netiweki kanabwera, meseji n'kupita kwa amuna anga. Popanda manambala amenewo ndikanawauza kuti tili kuti? Malowo dzina lake sindinkalidziwa, ndipo kunalibe chikwangwani chilichonse.

Ndiye foni mutenge, ndipo muigwiritse ntchito. Koma lero lomwe, muli pamalo pamene intaneti ikugwira bwino, tsitsani mapu a dera lonse limene mudutse kuti akhale m'foni. Pa Google Maps zimatheka, kungoti mukakhala opanda intaneti imakupatsani njira ya galimoto yokha, ya wapansi ayi, komanso sikuonetsani kuchuluka kwa magalimoto. Mapulogalamu ngati Organic Maps ndi OsmAnd amagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, amene anthu odzipereka akhala akujambula kuyambira 2004, ndipo amagwira popanda intaneti ngakhale mukuyenda wapansi. Ine ndimasunga awiri, akatsutsana ndimadziwa kuti pamenepo pali nkhani.

Musananyamuke ionereni njira yonse kuyambira poyambira mpaka pothera, muikulitse ndi zala, muone pamene ikuoloka mitsinje ndi pamene ikuchoka pamsewu waukulu. Mayina a malo akuluakulu amene mudutse muwalembe papepala. Foni ikadzalankhula m'njira kuti yapeza yachidule, ikaneni. Mphindi zochepa zimene ikukulonjezani sizingafanane ndi msewu umene magalimoto ena akudutsa, kumene mukawonongekeredwa wina aima. Pulogalamu imawerengetsa nthawi ndi mtunda, sidziwa kuti galimoto yanu ndi yotsika, kuti matayala atha, kapena kuti kumbuyo kuli ana.

Foni ikhale pa choikira chake pamalo pamene mukuiona osachotsa maso pamsewu, yolumikizidwa ku chaja, osati pamiyendo kapena m'manja. Dzuwa likamaiwomba pagalasi imatentha n'kusiya kutchaja, nthawi zina kuzima kumene, ndiye muisamale. Pawabanki yodzaza ikhale m'chikwama chimene chili pafupi nanu, pamodzi ndi mankhwala a ana ndi tochi. Musalole munthu akuikireni chikwama chimenecho ku buti.

Zofunsa anthu m'njira, apa ndinena mosamala. Bambo aja ananena zoona ndipo ndili nawo ngongole ya moyo wa mwana wanga. Komabe inu muli nokha ndi ana usiku, sindingakuuzeni kuti muziima paliponse pamene munthu wakukodolani. Si onse ali ndi mtima wa bambo aja. Funsani pamalo owala, pothira mafuta kapena pamene pali anthu ambiri, ndipo funsani madalaivala amene akuchokera kumene mukupitako. Pamdima galasi mutsitse pang'ono chabe, zitseko zili zokhoma, injini ikulira. Koma wina akakuuzani kuti kutsogolo kuli madzi kapena mlatho waduka, musatsutsane naye, tembenukani mubwerere pamene munachokera.

Mumzinda ndiye zosiyana, kumeneko ine ndimakhulupirira foni kuposa mutu wanga, makamaka pa misewu yolowera mbali imodzi ndi pamphambano zambirimbiri. Kungoti mukatsika n'kuyamba kuyenda wapansi pakati pa nyumba zitalizitali, kadontho kaja kamadumphadumpha chifukwa uthenga wa masetilaiti umayamba wagunda makoma usanafike pa foni. Pamtetete foni imalondola mpaka mamita pafupifupi 5, koma pakati pa nyumbazo itha kukuikani msewu wina. Muziona bwalo lotuwa limene limazungulira kadonthoko, likakula ndiye kuti foni nayonso ikukayika. Muvi ukamaloza kolakwika, gwedezani foni m'mwamba mojambula nambala 8 kangapo, kampasi yake imakhazikika. Ndipo musamayende foni ili patsogolo maso ali pa sikirini, mukudzionetsa kwa akuba kuti ndinu mlendo, komanso simuona galimoto ikubwera. Ikani kachomvera m'khutu limodzi, foni m'thumba.

Wina akakutumizirani lokeshoni ya kumene mukupita, mufunseni ngati anaitumiza ataima pamalopo kapena anangofufuza dzina, chifukwa malo a mayina ofanana ndi ambiri ndipo pini yolakwika ya pa mapu imakufikitsani molondola pamalo olakwika. Inunso potuluka pakhomo muwatumizire bambo a kunyumba lokeshoni yoyenda nanu ija ya pa WhatsApp. Imakufunsani mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, inu musankhe maola 8. Netiweki ikaduka imaima pamene inakuonani komaliza, ndiye muwauziretu kuti kadontho kakaima nthawi yaitali pamalo amodzi asadikire kuti muimbe, ayambe iwo kukufunani.

Koma kunena zoona achemwali, ngati pali njira iliyonse yoti munyamuke m'mawa, nyamukani m'mawa. Ndipo makiyi a galimoto yanu musampatse munthu amene simungathe kumuuza kuti aime iye n'kuima, kaya ndi m'bale wotani.