Kodi mwayi wokaphunzira kafukufuku wa zachipatala kunja ndi wa madokotala okha?

Mayi wina amene akuchita digiri yachiwiri ya unamwino wanditumizira imelo. Akufunsa ngati thandizo lokaphunzira kafukufuku wa zachipatala kunja limaperekedwa kwa madokotala okha, komanso ngati n'chanzeru kuimitsa sukulu chaka chathunthu chifukwa cha mwayiwu.

Achemwali, si la madokotala okha ayi. Fogarty International Center, nthambi ya bungwe la boma lofufuza za umoyo la National Institutes of Health ku Bethesda m'dziko la America, yomwe inakhazikitsidwa mu 1968, imathandizanso anamwino, madokotala a mano ndi a ziweto, ndiponso akatswiri a mankhwala. Osankhidwa amakatha chaka pamalo ochitira kafukufuku ku Africa, Asia kapena Latin America. Chopinga chilipo: olowa akadali pasukulu ndi a m'mayunivesite a ku America, pomwe ochokera m'mayiko osauka amafunika kukhala atamaliza kale digiri ya udokotala kapena PhD. Ngati simunafike pamenepo, yang'anani kwa TDR, pulogalamu ya ku Geneva yothandiza kafukufuku ndi maphunziro a matenda a m'mayiko otentha, yomwe ili pansi pa WHO. Iyo imalipirira ngakhale a digiri yachiwiri.

Za chakacho, ine ndikuti pitani, koma pokhapokha mutapeza mlangizi weniweni. Ambiri amathamangira dzina la dziko kapena la yunivesite, ndipo zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa chomwe chimaphula kanthu ndi munthu amene adzakhale nanu pansi sabata iliyonse n'kuwerenga zomwe mwalemba. Chaka sichichedwa kutha. Musanafunse wodwala funso ndi limodzi lomwe, komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku iyenera kuvomereza ndondomeko yanu, kawirikawiri m'mayiko onse awiri, ndipo kudikira kumeneku kumatha miyezi. Mlangizi wodziwa ntchito amakuyambitsani mapepalawa musananyamuke.

Musakonzenso funso lalikulu. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba msanga kumwa ma ARV kumachepetsa ndi 96 peresenti mpata wopatsira mnzako HIV, anafuna mabanja 1,763 m'mayiko 9, ndipo anatenga zaka. Inu mudzapatsidwa kachigawo kakang'ono m'kati mwa ntchito yotere. Pamenepa unamwino wanu ndi chuma: mukudziwa kufotokozera wodwala mpaka avomere akumvetsa, mukudziwanso zomwe zimalepheretsa anthu kubwera pa tsiku lawo la sikelo kapena lolandira mankhwala.

Malamulo olowera amasintha, choncho werengani chilengezo cha chaka chomwe mukufuna kulowa. Kenako lembani funso lanu pa tsamba limodzi, mutumize kwa ofufuza awiri kapena atatu amene mwawerenga ntchito zawo, ndipo muwafunse mosabisa kuti ophunzira awo akale anasindikiza chiyani.