Duwa lofiira la higanbana, ndilijambule bwanji?

Mchemwali wina amene akuphunzira ku Saitama, ku Japan, wanditumizira imelo, akuti waona maluwa ofiira psuu m'mbali mwa minda ya mpunga, wajambula pa foni koma chithunzi chikungotuluka chigamba chofiira basi, komanso atafuna kuthyolako awiri kuti akaike m'botolo kuchipinda mnzake waku Japan komweko anamukaniza. Ndiye akufunsa kuti duwali lili ndi chani, nanga alijambule bwanji.

Achemwali, duwa limenelo ndi higanbana. Dzinalo lachokera ku Ohigan, masiku 7 amene pakati pake pamakhala pa 22 kapena 23 Seputembala pomwe usana ndi usiku zimafanana, ndipo ndi nthawi imene mabanja amapita kukasesa kumanda ndi kukumbukira makolo awo. Duwali limamasula masiku omwewo ndiye anthu analimangiriza ku imfa ndi kusiyana. Anyezi wake wapansi ali ndi poizoni, nchifukwa chake kalelo ankalidzala kumanda ndi m'malire a minda kuti mbewa ndi tinyama tina tofukula tisaboole. Palinso chikhulupiriro choti ukalilowetsa m'nyumba umaitana moto, ndiye mnzanu uja sanakukanizeni mwa nkhanza ayi, amakutetezani mmene anakulira, ndipo chonde musadzampatse munthu ngati mphatso.

Chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi chakuti duwali limatuluka pa tsinde lopanda tsamba olo limodzi, masamba amamera maluwa atafota kale, moti eni ake amati tsamba siliona duwa ndipo duwa siliona tsamba, ngati anthu awiri okondana amene sadzakumananso. Ndiye pojambula musadule tsindelo, gwadani pansi foni ikhale cha m'mawondo kuti lioneke mmene laimira lokha.

Zofiira zija zimapsa chifukwa cha dzuwa la masana. Pitani m'mamawa kapena tsiku la mitambo, dinani pa duwa pa sikirini kenako mutsitse kuwala pang'ono mpaka timizere tija totalika ngati miyendo ya kangaude tiyambe kuoneka. Kumbuyo kukhale mpunga wachikasu kapena mwala wakuda, zofiira zimaoneka bwino pamenepo. Mukakhala kumanda musaponde pa manda a anthu, ndipo mayina a pa miyala asalowe m'chithunzi.

Mwayi wanu ndiwoti muli ku Saitama. Ku Hidaka kuli malo otchedwa Kinchakuda m'mbali mwa mtsinje wa Koma komwe maluwa amenewa alipo pafupifupi 5 miliyoni pansi pa mitengo, kumapeto kwa Seputembala pansi ponse pamakhala pofiira. Duwa lililonse limakhala pafupifupi sabata imodzi yokha ndiye musazengereze, ndipo yesetsani kupita mkati mwa sabata chifukwa Loweruka ndi Lamulungu anthu amachuluka kwambiri.