Kuyendetsa boti utamwa ndi mlandu ngati pamsewu

Achimwene, musanyengedwe poti pamadzi palibe apolisi apamsewu: m'mayiko ambiri kuyendetsa boti mutaledzera ndi mlandu, ndipo mungalipitsidwe chindapusa, kulandidwa chiphaso, ngakhale kumangidwa.

Ku United States malire a boma ndi 0.08 peresenti ya mowa m'magazi. Ku Canada lamulo la galimoto ndi la boti ndi limodzi. Kulakwa koyamba chindapusa chimayambira pa madola a ku Canada 1,000, ndipo m'chigawo cha Ontario amakuimitsani kuyendetsa galimoto yomwe. Ogwira ntchito m'sitima zapanyanja malire awo n'ngokhwima kwambiri, 0.05 peresenti, kutsatira pangano la mayiko lokhudza ogwira ntchito m'sitima (STCW) lomwe linakonzedwanso ku Manila, m'dziko la Philippines, mu 2010.

Ine ndayendapo pamadzi nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti mowa umagwira msanga kumeneko. Dzuwa, mphepo, phokoso la injini ndi kugwedezeka kwa mafunde zimakutopetsani musanamwe n'komwe. Mukagwera m'madzi, mutu umasokonezeka moti kumwamba ndi pansi simukudziwa. Ndimadandaula kwambiri ndi ana omwe amakwezedwa m'boti loyendetsedwa ndi munthu woledzera.

Ngati mwagwidwa kale kapena wina wavulala, kaonaneni ndi loya wa dziko lomwelo musanasaine chikalata chilichonse.