Masamu a Fomu 1 ndi timawu tating'ono ta Chichewa

Makalata ambiri a sabata ino akhudza masamu. Achokera kwa makolo amene ana awo angoyamba sekondale, kwa mphunzitsi, komanso kwa wophunzira mmodzi. Ena ndawafupikitsa.

Mayi wina wa ku Ndirande walemba kuti: "Mwana wanga ali Fomu 1. Madzulo ndimayesa kumuthandiza mafulakishoni koma mawu amandithawa. Kodi 2/3 tinganene bwanji m'Chichewa? Ena amati magawo awiri a atatu, ena amati awiri pa atatu."

Mayi, nenani kuti magawo awiri mwa magawo atatu, kapena mwachidule awiri mwa atatu. "Mwa" ndi amene timamugwiritsa ntchito tikamatapa zochepa pa gulu: mmodzi mwa ana anga, ziwiri mwa nkhuku zija. "Pa" naye amamveka, makamaka pa malikisi, monga tikamati wapeza 7 pa 10, ndipo sindingakudzudzuleni mutatero. Koma "magawo awiri a atatu" musiyeni. "A" amasonyeza umwini, ndiye womva angaganize kuti magawo awiriwo ndi a anthu atatu.

Pali mawu amodzi amene timawameza polankhula koma m'masamu sayenera kumezedwa: ofanana. Kunyumba mwana amatha kunena kuti "ndipatseni theka lalikululo", ndipo tonse timamumva. M'masamu theka lalikulu kulibe. Ngati magawo awiri sali ofanana, palibe theka pamenepo. Mwana akagwira zimenezi, samu ngati 1/2 + 1/3 imasiya kumuvuta. Ambiri amaphatikiza manambala a pamwamba paokha, a pansinso paokha, n'kulemba 2/5. Mufunseni m'Chichewa chenicheni: unali ndi theka, wawonjezerapo china, nanga bwanji wapeza magawo awiri mwa asanu, amene ndi ochepa kuposa theka lija? Akakanda m'mutu, muuzeni adule chinthucho m'magawo 6 ofanana. Theka ndi magawo 3 mwa 6, gawo limodzi mwa atatu ndi magawo 2 mwa 6, onse pamodzi ndi magawo 5 mwa 6.

"A" uja ali ndi malo ake patsogolo pang'ono. Tikati theka la K8,000, kapena magawo awiri mwa atatu a K9,000, "la" ndi "a" ameneyo akuimira kuchulukitsa. Mayankho ake ndi K4,000 ndi K6,000.

Kalata yachiwiri ndi ya mphunzitsi wa masamu ku Limbe: "Ana anga amalemba x + 2 pamene pakufunika 2x. Ndikawamasulira funso m'Chichewa zimakhala ngati ndawonjezera vuto. Kodi Chichewa chilibe njira yosiyanitsira ziwirizi?"

Chili nayo, aphunzitsi, ndipo ndi yakuthwa. Yagona pa ka- wa kawiri, katatu, kanayi. Tamvani ziganizo izi. Makope a mkulu ndi ochuluka ndi awiri kuposa a mng'ono wake. Makope a mkulu ndi ochuluka kawiri kuposa a mng'ono wake. Choyamba chikuwerenga makope, n'chifukwa chake "awiri" wagwirizana ndi makopewo. Zikanakhala nthochi tikanati ziwiri, akanakhala mabuku tikanatinso awiri. Imeneyo ndi x + 2. Chachiwiri chikuwerenga maulendo, ndipo "kawiri" sasintha, kaya tikunena za makope, nthochi kapena ng'ombe. Imeneyo ndi 2x. Ndikuganiza kuti vuto limabwera pamene mukumasulira mothamanga n'kunena kuti "ali ndi makope awiri kuposa mng'ono wake", chiganizo chimene mwana amachimva mbali iliyonse imene wakonda.

Samalaninso ndi "kuwirikiza". Paokha mawuwa amatanthauza kale kuchita chinthu kawiri, moti munthu wokonda mtsutso angati kuwirikiza kawiri ndi kanayi. Koma anthu salankhula choncho. Kuwirikiza kawiri ndi 2x, kuwirikiza katatu ndi 3x, ndipo ine ndimatsata pakamwa pa anthu. M'kalasi, kuti pasakhale mkangano, nenani kuti kuchulukitsa katatu.

Msampha wina uli pa kuchotsera. Timati chotsani 3 pa 10, ndipo nambala imene yatchulidwa koyamba ndi imene imalembedwa kumapeto: 10 − 3. Mwana wolemba motsatira khutu amalemba 3 − 10. Ku pulayimale zimenezi zimabisika chifukwa mwana amangodziwa kuti yaikulu imayamba. Ikafika aljebra, masamu a zilembo ngati x, pamene funso likuti chotsani 3 pa x, palibe yaikulu kapena yaing'ono yoti imutsogolere, ndiye 3 − x imatulukira. Pa kugawa, funso labwino koposa ndi lakale lija: 3 ilowa kangati mu 12? Taonani ka- wabweranso. Funso lomweli limatsegula samu imene imaopsa ana ambiri, 3 ÷ 1/2. Theka lilowa kangati mu 3? Kasanu ndi kamodzi. Mwana amene wangoloweza kuti "tembenuza n'kuchulukitsa" sadziwa chifukwa chimene yankho lakulira kuposa nambala imene anayamba nayo.

Pempho langa lalikulu lili pa chizindikiro cha =. Ana ambiri amachiwerenga kuti "yankho ndi", ndipo ukawalembera 3x + 4 = 19 amadabwa kuti yankho laperekedwa kale, nanga akufuna chiyani. Aphunzitseni kuwerenga kuti "n'chimodzimodzi ndi". Kenako auzeni anene samu yonse ngati nkhani: ndaganiza nambala, ndaichulukitsa katatu, ndawonjezera 4, zonse pamodzi n'chimodzimodzi ndi 19. Ndichotse 4 uku ndi uku, patsala 15. 3 ilowa kasanu mu 15. Nambala ija ndi 5.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi, popeza lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo pa mayeso a JCE, amene anabwereranso mu 2021 atayimitsidwa kwa zaka zingapo, a MANEB amafunsa masamu m'Chingerezi. Zoona, ndipo mayina a Chingerezi mwana ayenera kuwadziwa. Koma pobwerera kunyumba, pa minibasi ya ku Bangwe kapena ya ku Machinjiri, ana akamafotokozerana homuweki amalankhula Chichewa. Ngati Chichewa chimenecho chili chosasamala, masamunso amatuluka osasamala.

Bambo wina wa ku Chilomoni wafunsa kuti: "Pa wailesi ndimamva kuti mitengo yakwera ndi 20 peresenti, tsiku lina yakwera kufika pa 20 peresenti. Kodi si chimodzimodzi? Nanga peresenti ndi Chichewa?"

Bambo, peresenti tinamulandira kalekale ndipo wakhazikika ngati sukulu, buku ndi sopo. Wofuna kumasulira anganene kuti 20 pa 100 alionse, kapena 20 pa 100 iliyonse, malinga ndi chimene akuwerenga: anthu 20 pa 100 alionse, nyumba 20 pa 100 zilizonse. Koma "ndi" ndi "kufika pa" si chimodzimodzi ngakhale pang'ono. "Ndi" akunena kukula kwa kusinthako, "kufika pa" akunena pamene zinthu zaima tsopano. Chiwongoladzanja chikachoka pa 15 peresenti n'kufika pa 20 peresenti, wonena kuti chakwera ndi 20 peresenti wanama.

Chimene mwana wa Fomu 2 ayenera kuzolowera ndi kufunsa kuti: peresenti ya chiyani? Thumba la K10,000 likakwera ndi 20 peresenti limafika pa K12,000. Likatsikanso ndi 20 peresenti silibwerera pa K10,000, limafika pa K9,600, chifukwa 20 peresenti yachiwiriyo ndi ya K12,000. Akuluakulufe timakodwanso pomwepa. Mu Novembala 2023 kunalengezedwa kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, pamene mtengo wa dola unachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Kusiyana kwake ndi K520. Mukayerekeza K520 ndi K1,180 mupeza 44 peresenti, ndipo imeneyo ndi mmene dola inakwerera. Koma mukafunsa kuti kwacha imodzi inayamba kugula madola ochepa bwanji, muyerekeza K520 ndi K1,700, ndipo mupeza pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona. Chasiyana ndi chimene chikutsatira "ya". Kunena kuti dola yakwera ndi 44 peresenti n'kolondola kuposa kunena kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, ngakhale m'thumba ululu wake unali umodzi.

Mtsikana wa Fomu 1 wa ku Zingwangwa wandisangalatsa ndi funso ili: "Ku pulayimale ankatiuza kuti 3 − 5 sizingatheke. Pano akuti yankho ndi −2. Anatinamiza ndani? Ndipo −2 m'Chichewa ndi chiyani?"

Mwanawe, palibe anakunamiza, anangokuuza zimene zinali zokwanira nthawi imeneyo. Ukamawerenga mbuzi m'khola, sungatulutse zisanu muli zitatu. Pa dzina, anzako ndi aphunzitsi amati negetivi 2 kapena mainasi 2, ndipo iwenso uzitero. Ine ndimakonda negetivi pa dzina la nambala, n'kusiya mainasi pa ntchito yochotsera, kuti ziwirizi zisasokonezane. Koma ganizo lake ulinalo kale, ndi ngongole. Uli ndi K300, watenga chinthu cha K500 pa golosale, mwini wake walemba K200 m'kabuku. Imeneyo ndi −200. Ngongole ya K500 ndi yoipa kuposa ya K200, n'chifukwa chake −500 ndi yaing'ono kuposa −200 ngakhale ikuoneka yonenepa. Mwini golosale akakufufutira ngongole ya K200, wachotsa chinthu cha negetivi, ndipo iwe wapindula K200. Ndi chifukwa chake 5 − (−2) imafanana ndi 5 + 2. Usaikakamize ngongoleyo kuti ifotokoze chilichonse. Pa −3 × −2 imayamba kutsimphina, ndipo apo ndi bwino kuona mndandanda: 2 × −2 ndi −4, 1 × −2 ndi −2, 0 × −2 ndi 0. Yankho likukwera ndi 2 ulendo uliwonse, choncho −1 × −2 iyenera kukhala 2, ndipo ukapitiriza ufika pa 6.

Kalata yomaliza ndi ya agogo a ku Chirimba, amene akudandaula kuti adzukulu awo satha kuwerenga m'Chichewa kupitirira zisanu, ndipo akufunsa ngati si bwino kuti masamu azilembedwa m'mawu athu, monga khumi, zana ndi chikwi.

Agogo, dandaulo lanu ndalimva, ndipo mwana aliyense ayenera kudziwa kuti 7 ndi zisanu ndi ziwiri, 100 ndi zana, 1,000 ndi chikwi. Koma polemba samu tisiye manambala agwire ntchito yake. 67 ndi yaifupi kuposa makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri. Komabe m'kawerengedwe kathuka muli phunziro la Fomu 1 limene adzukulu anu angalimve bwino kuchokera kwa inu. Anthu makumi asanu ndi mmodzi ndi 51, pakuti "mmodzi" akugwirizana ndi munthu. Anthu makumi asanu ndi limodzi ndi 60, pakuti "limodzi" akugwirizana ndi khumi. Pa pepala, choyamba ndi 5 × 10 + 1, chachiwiri ndi (5 + 1) × 10, ndipo ntchito imene mabulaketi akugwira apo m'Chichewa ikugwiridwa ndi mgwirizano wa mawu. Tsono afunseni za mazira makumi asanu ndi limodzi. Dzira limati limodzi, khuminso limati limodzi, ndiye chiganizocho chingakhale 51 kapena 60. Wogulitsa wochenjera amatulukamo ponena kuti makumi asanu mphambu limodzi akafuna 51, pakuti mphambu imatseka makumi n'kuyamba kuwerenga zotsalira.