N'chifukwa chiyani knight ndi night amamveka chimodzimodzi?

Mphunzitsi wina wa kupulayimale wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ana a m'kalasi mwanga akufuna kudziwa chifukwa chake mawu akuti knight ndi night amatchulidwa mofanana pamene amalembedwa mosiyana. Ndiwayankhe chiyani?"

Aphunzitsi, auzeni anawo kuti zilembo zambiri zimene lero zili zii m'Chingerezi, kale zinkamveka. M'zaka za m'ma 1300, Mngelezi ankatchula k wa kumayambiriro kwa knight, ndipo gh linali liwu lokhulira m'kamwa lomwe Ajeremani akadali nalo m'mawu awo akuti Knecht, achibale a knight. Mu 1476 William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono pamene katchulidwe kanali kakusinthabe. K uja anasiya kumveka m'zaka za m'ma 1600. Gh anazimirira mu night ndi though, koma mu laugh, cough ndi tough anasanduka f. Pakamwa panasintha, papepala panatsala zakale.

Zilembo zoterezi ndimazikhululukira, pakuti zinagwirapo ntchito. Zimene sindizikhululukira ndi zomwe anthu ophunzira anachita kulowetsa dala. Mawu akuti debt ndi doubt anachokera ku Chifalansa opanda b, koma akatswiri ena, pofuna kuonetsa kuti gwero lake ndi Chilatini, debitum ndi dubitare, anasomekamo chilembo chomwe Angelezi sanayambe achitchulapo. Pa island ndiye anaphonya ndithu: anaikamo s poganiza kuti mawuwa ndi apachibale ndi insula wa Chilatini, chonsecho ndi Chingerezi chakale chenicheni chomwe chinalibe s.

Anawo asaseke Angelezi mopitirira, chifukwa nafenso timalemba mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika mofanana, ngakhale kuti mawu amakwera ndi kutsika mosiyana tikamawatchula.

M'kalasi, musawapatse lamulo limodzi, poti palibe lomwe lingakwanire. Aphunzitseni mawuwa m'magulu, light pamodzi ndi fight, might ndi sight, kenako knee pamodzi ndi knife ndi knock. Ngakhale Noah Webster wa ku America, amene dikishonale yake ya mu 1828 inachotsa u mu colour ndi honour, knight anamusiya ndi k ndi gh wake.