Paudala, khansa ndi mayi anga aang'ono

Kalata yanu inandipeza Lachinayi usiku, achemwali, ndipo ndinaiwerenga kawiri. Mwati mwalera ana atatu ndi paudala, inunso mwakhala mukudzithira kumusi kuyambira muli namwali, ndiye mwaona uthenga pa WhatsApp woti paudala amayambitsa khansa ndipo ku America anthu akulandira mabiliyoni. Mukufunsa ngati mwadzipweteka nokha pamodzi ndi ana, komanso ngati kuli kokadandaula.

Ndimati ndikuyankheni ndi mizere isanu, koma zakanika, chifukwa funso lanuli linandisowetsapo tulo inenso.

Ine anandilera ndi mayi anga aang'ono, ku Chigwa cha Shire, kumene dzuwa la Okutobala limawotcha ngati uli pafupi ndi ng'anjo ya njerwa. Anali mayi waukhondo woopsa. Akasamba m'mawa ankadzithira paudala m'khosi mpaka kuyera, m'khwapa, pansi pa mabere, m'mphechepeche, wina n'kuwaza mu kabudula wamkati. Sankasankha mtundu. Ndalama ikapezeka ankagula wa m'botolo, ikavuta ankagula woyeza m'timapepala kumsika, wopanda dzina n'komwe. Nditabereka mwana wanga woyamba anabwera kudzandidikirira m'chikuta, ndipo kusambitsa khanda inali ntchito yawo. Akalipukuta ankaligoneka pa chitenje n'kugwedeza botolo mpaka m'chipinda muchite mbuu ngati ku chigayo. Mwana akayetsemula tinkaseka, iwo n'kumati, "Taona, akuyamika."

Kenako anayamba kudwala. Mimba inkatupa, akadya mbamu ziwiri za nsima amati akhuta. Anzawo a kumsika ankawaseka kuti kodi pa msinkhu umenewu mwaimanso. Kuchipatala china anawauza kuti ndi mpweya, kwina zilonda za m'mimba, achibale ena anawatengera kwa asing'anga, ndipo miyezi inkangopita. Pamene ankawaunika bwinobwino n'kupeza kuti ndi khansa ya thumba la mazira, lija ena amati basiketi ya mazira, inali itafalikira kale. Sanathe chaka. Tsiku logawa zovala zawo tinapeza mabotolo atatu a paudala m'sutikesi, limodzi losatsegula.

Nkhani za milandu ya ku America ndinazimva pambuyo pake, ndipo ndinazigwira ndi manja awiri. Ndinkafuna woti ndimuloze chala. Ndinawerenga usiku ndi usana, ndipo zimene ndinapeza sizinandipatse mtendere umene ndinkaufuna.

Paudala wakale uja amapangidwa kuchokera ku mwala wotchedwa talc. Ndi mwala wofewa kuposa miyala yonse, woti ukhoza kuukanda ndi chikhadabo, n'chifukwa chake ukapera umaterera bwino pakhungu n'kumamwa thukuta. Vuto loyamba ndi loti m'nthaka nthawi zina talc amakhala moyandikana ndi asibesitosi, yemwe uja wa malata ndi mapaipi akale, ndipo pokumba zimatha kusakanikirana. Za asibesitosi palibe amatsutsa: ukamupuma amatha kuyambitsa khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma, imene imabisala zaka 20, 30 ngakhale 40 isanaonekere. Vuto lachiwiri ndi limene likukhudza ife amayi. Mu 1971 akatswiri a ku Wales anapeza tizidutswa ta talc mkati mwa zotupa za thumba la mazira. Mu 1982 dokotala Daniel Cramer wa ku Boston anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti mwa amayi odwala khansa imeneyi, ambiri ankadzithira paudala kumusi poyerekeza ndi amayi osadwala. Maganizo ake ndi oti timfumbi timeneti timakwera kudzera njira ya chiberekero mpaka kukafika kumtundako n'kumakanyerenyetsa kwa zaka.

Apa ndi pamene nkhani imaterera ngati paudalayo. Kafukufuku wofunsa amayi amene adwala kale amakonda kupeza kuti ngozi imakwerako pang'ono. Koma munthu amene wadwala amakumbukira chilichonse, monga ine ndinakumbukira mabotolo aja. Mu Januwale 2020 kunatuluka kafukufuku wina wamkulu amene anaphatikiza amayi pafupifupi 250,000 a ku America omwe anafunsidwa asanadwale, ndipo sanapeze kusiyana kotsimikizika. Mu 2024 wina anapezanso kuti kulumikizana kulipo, makamaka kwa odzithira pafupipafupi kwa zaka zambiri. Mu Julaye chaka chomwecho, bungwe la IARC la ku Lyon, lomwe ndi nthambi ya WHO yoona za khansa, linaika talc m'gulu 2A, la zinthu zomwe n'kutheka ndithu kuti zimayambitsa khansa. Linanena poyera kuti umboni wa pa anthu ndi woperewera. Ndiye kuti sanagamule kotheratu, koma sanamumasulenso.

Ine ndiye ndinaleka kudikira kuti akatswiri agwirizane. Paudala si mankhwala, si chakudya. Chinthu chosapulumutsa moyo chikakhala ndi chikayikiro chotere, ndichisungirenji m'nyumba? Ndipo pali chimodzi chimene chimandiwawa mpaka lero. Kampani ya Johnson & Johnson inasiya kugulitsa paudala wa talc ku America ndi Canada mu Meyi 2020, ikuti malonda atsika chifukwa cha nkhani zabodza. Kumayiko ena onse inapitiriza, mpaka inalengeza mu Ogasiti 2022 kuti idzasiya mu 2023 n'kuyamba kugwiritsa ntchito ufa wa chimanga. Kampaniyo imanenetsabe kuti paudala wake analibe asibesitosi ndipo sayambitsa khansa. Chabwino. Koma zaka zitatu zimenezo, mwana wa ku Toronto ankasiyana chiyani ndi wa ku Harare? Dziko la Zimbabwe linachita kuletsa lokha paudalayu mu Meyi 2023.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa m'kalata yanu mwalemba kuti munakayezetsa khansa chaka chatha ndipo anakupezani mulibe. Kuyeza kuja kopaka viniga kumaona khomo la chiberekero basi. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, paudala sizimukhudza, ndipo ndi imene ikutha amayi ku Malawi kuno kuposa khansa ina iliyonse. Pitirizani kuyezetsa, ndipo ngati mwa ana atatuwo muli mtsikana, asaphonye katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019. Koma thumba la mazira lili mkati, viniga safikako. Mayi anga aang'ono akanayezetsa kakhumi, sizikanaoneka.

Za milandu ija

Mabiliyoni mwamvawo si bodza, koma uthenga wa pa WhatsApp sunena kumene nkhani zinathera. Mu Febuluwale 2016 khothi la ku St. Louis linagamula kuti banja la Jacqueline Fox, amene anamwalira ndi khansa ya thumba la mazira, lilandire madola 72 miliyoni kuchokera ku kampani ya Johnson & Johnson. Chaka chotsatira khothi la apilo linafafaniza chigamulocho, ati mayiyo anali wa ku Alabama ndipo mlandu unakasumidwa kolakwika. Mu Julaye 2018, mumzinda womwewo, amayi 22 ndi mabanja awo anawina madola 4.69 biliyoni. Apilo inatsitsa kufika pa 2.12 biliyoni, ndipo mu 2021 khothi lalikulu la dzikolo linakana kumvanso nkhaniyo, choncho imeneyi inakhala. Milandu ina kampani inawina. Chimene chinakoleza moto ndi makalata a mkati mwa kampani. Mu Disembala 2018 atolankhani a Reuters analemba kuti kuyambira 1971 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mayeso ena ankapeza asibesitosi pang'ono mu talc wa kampaniyo ndipo akuluakulu sanauze boma kapena ogula. Kampani inatsutsa. Mu Okutobala 2019 bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, linapeza asibesitosi m'botolo limodzi ndipo mabotolo 33,000 anabwezedwa.

Odandaula atachuluka kufika masauzande makumimakumi, kampani inayesa njira ya ukathyali wa maloya: kutsegula kakampani kena, kukasenzetsa milandu yonse, n'kukalengeza kuti kagwa pa chuma kuti onse alipidwe kuchokera m'thumba limodzi. Makhothi anakana katatu, kawiri mu 2023 ndipo komaliza mu Malichi 2025 ku Houston. Ena mwa amayi amene anasuma anamwalira akudikira. Ku Britain nako, anthu pafupifupi 3,000 anakasuma ku London mu Okutobala 2025.

Onsewa ndi anthu odwala kale kapena oferedwa, okhala ndi mapepala a kuchipatala. Inu simukudwala, ndiye palibe chokasumira. Wina akakutumizirani uthenga woti mulipire kangachepe kuti akulembetseni pa chipukuta misozi, ameneyo ndi wakuba.

Tsono chochita ndi ichi. Tembenuzani botolo, mukaona mawu oti talc kapena talcum litayeni, ndipo wa m'timapepala musagule. Kumusi musathire paudala wa mtundu uliwonse. Khanda silifuna paudala, ngakhale wa chimanga, chifukwa fumbi lake limalowa m'mapapo. Pukutani bwino, sinthani thewera msanga, pakani mafuta. Ana anu amene akula kale bwinobwino safunika kuyezedwa chilichonse. Inuyo, mimba ikamatupa, mukamakhuta msanga, m'chinena mukamapweteka kapena mukamakodza pafupipafupi kwa masabata awiri kapena atatu osasiya, pitani kuchipatala mukapemphe sikani, ndipo akakuuzani kuti ndi mpweya koma osasintha, bwereraniko.

Botolo losatsegula lija ndinalitenga ine. Lili pamwamba pa wadirobu, ndinalikulunga m'jumbo kuti ana asalifikire. Mwamuna wanga wandifunsa kangapo kuti bwanji osalitaya, poti ndine ndemwe ndimauza anthu kuti ataye. Ndimangomuyankha kuti mawa.